Katundu wakale wa pabalaza: yambirani kwa agogo, kenako muzifufuza mu Zomba muno

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwapeza nyumba ya lendi ku Kalimbuka, yakale ija ya pansi pofiira ndi khonde lalitali, ndipo simukufuna kuidzaza ndi masofa onyezimira a m'shopu. Mukufuna zinthu zakale zokhala ndi mbiri, koma simukudziwa kumene zimapezeka. Ine ndakhala mu Zomba muno zaka zoposa 20, ndipo pafupifupi chilichonse cha pabalaza panga chinali cha munthu wina ndisanachipeze. Ndiye mundilole nditalikitseko.

Mwasamukira malo oyenera. Zomba linali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsalabe kuno mpaka 1994. Onjezeranipo Chancellor College, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, mamishoni a ku Domasi ndi ku Malosa. Anthu ogwira ntchito m'malo amenewa ankabwera, kukhala zaka zingapo, n'kusamutsidwa, ndipo ambiri sankafuna kuvutika ndi kabati yolemera pa lole. Ankaisiyira wophika, wolima maluwa, kapena mnzawo wa ku ofesi. Katundu ameneyo sanapite kutali. Ali ku Chikanda, ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Matawale. Tebulo lina pano likusanjikidwa matumba a chimanga, kabati ina nkhuku zikuikiramo mazira.

Zinthu zotere zimapezeka pocheza ndi anthu. Uzani kalipentala wokonza mipando yothyoka kuti akakumana ndi tebulo lakale akuimbireni. Uzani amayi a kumpingo. Tcherani khutu pamene wina akusamuka n'kumagulitsa katundu wa m'nyumba, kapena pakamveka za okushoni. Pitaninso kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, chifukwa miyendo ya makina osokera a Singer, simbi za makala ndi nyali zakale zimathera kumeneko, kukayezedwa pa sikelo ngati chitsulo wamba. Miyendo ya Singer ija mukaikapo thabwa limodzi labwino, mwapeza katebulo ka pakhonde kamene kadzafike kwa adzukulu anu.

Koma musanatulutse ngakhale tambala, pitani kaye kumudzi.

Chinthu chimene ndimachikonda kuposa zonse m'nyumba mwanga sindinagule. Ndi bokosi lachitsulo limene agogo anga aamuna anabwera nalo kuchokera ku Joni. Anapita ndi Wenela, bungwe lija lotenga anthu okagwira ntchito m'migodi, n'kubwerako chisanafike chaka cha 1974 pamene Kamuzu analetsa maulendo amenewo ndege itagwa ku Francistown ndi anthu athu. Bokosilo ndinalipeza kwathu cha ku Jali, m'kachipinda kosungira makasu, litachita dzimbiri m'makona, pamwamba pali chitini cha mbewu ya nandolo. Nditapukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje ndinaona dzina lawo lolembedwa ndi penti yoyera, zilembo zopendama, chimodzi chotembenuka. Mkati mwa chivundikiro munali momata nyuzipepala yofiirira, ndipo pakona panali makobidi awiri oboola pakati, a nthawi ya Chitaganya, kwacha isanabwere mu 1971.

Ndinapempha amayi. Amayi anati, "Si ine woyankha, kafunse amalume ako." Ndinabwerera ku tauni chimanjamanja, n'kudzapitanso mwezi wotsatira nditanyamula shuga, sopo ndi chidebe chatsopano chokhala ndi chotsekera, choti aziikamo zimene zinali m'bokosimo. Amalume, monga eni mbumba, anakhala chete kanthawi, kenako anati nditenge, koma ndisadzaligulitse ndipo dzinalo ndisalifute. Lero lili pakati pa balaza, timaikapo tiyi. Ana a achimwene anga akabwera amawerenga dzinalo ndi chala.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa ndaonapo banja likudana chifukwa cha mtondo. Munthu wina anaunyamula mwakachetechete maliro atangotha, poganiza kuti ndi chinthu chopanda ntchito. Abale anaziona ngati kulanda katundu wamasiye, ndipo mpaka pano sayenderana bwino. Chinthu cha makolo muzipempha masana, anthu akuona. Ndipo ngati agogo akuchigwiritsabe ntchito, monga mtsuko umene amaziziritsiramo madzi akumwa, chisiyeni, kapena muwagulire kaye china chimene iwo eni avomereze. Mukamagula kwa okalamba osakhala abale anu, musawadyere masuku pamutu poti sakudziwa kuti kutauni zinthuzi zikufunidwa. Perekani mtengo umene simungachite nawo manyazi mwana wawo atakufunsani.

Tsopano za matabwa, pakuti apa ndi pamene anthu amataya ndalama. Tebulo musamaliyang'ane pamwamba pokha. Litembenuzeni. Kunsi kumene sikunapakidwe vanishi ndi kumene kumaonetsa mtengo weniweni. Mlombwa umakhala wofiirira, wa mizere yokongola, ndipo chiswe sichiukonda. Mbawa ndi yofiira ndipo imasalala bwino. Mkungudza mumaudziwa ndi mphuno: kandani pang'ono ndi chikhadabo kapena msomali pamalo obisika, fungo lake limatuluka ngakhale thabwalo litakhala zaka 60. Paini, amene ndi wambiri kuno chifukwa cha nkhalango ya m'phirimu, ndi woyererako, wopepuka, wa mfundo zambiri. Si woipa, koma musalipire mtengo wa mlombwa pogula paini wopakidwa utoto wofiirira. Kokani diloo muone m'makona. Ngati matabwa analumikizidwa ndi mano olowana, ndi ntchito ya mmisiri wodziwa. Ngati ndi misomali ndi guluu pa bolodi la utuchi lija, lisiyeni, likanyowa limafufuma ngati buledi.

Za mkungudza ndiwonjezere mawu amodzi. Ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo ku Mulanje watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mobisa. Kabati yakale ya mkungudza gulani ndithu ndi kuisamala. Koma wina akakubweretserani matabwa atsopano n'kumanong'ona kuti ndi mkungudza, mukanireni.

Chimene chinandipweteka ine ndi kabati ya magalasi imene ndinagula pa okushoni ina. Inali yokongola, ndipo ndinailowetsa m'nyumba tsiku lomwelo. Patapita masiku atatu ndikusesa m'mawa ndinaona kamulu ka ufa wosalala pansi pa mwendo wakumbuyo, ngati wina watayapo ufa woyera. Ndinasesa. Mawa lake kanabwereranso. Nditaunika ndi tochi ndinapeza timabowo tating'ono ngati toboola ndi singano, tambirimbiri, thabwa lonse lakumbuyo litafumbwa. Pamene ndinkazindikira, tizilomboto tinali titalowa kale m'shelefu ya mabuku imene inali pafupi. Thabwa lakumbuyo tinalichotsa n'kuliwotcha.

Kuyambira pamenepo chilichonse chathabwa chimayamba chakhala pakhonde milungu iwiri. Ndimayala pepala pansi pake, m'mawa ndimayang'ana ngati pagwa ufa. Ngati timabowo ndi tochepa, ndimathiramo palafini ndi jakisoni, kapena mankhwala a matabwa a ku hadiweya, kenako ndimachikulunga m'pepala lapulasitiki lakuda n'kuchiika padzuwa. Dzuwa la mu Okutobala ndiye limagwira bwino ntchito imeneyi. Bedi ndi sofa zakale samalani nazo koposa, chifukwa nsikidzi zimabisala m'malumikiziro. Felemu yathabwa tengani, koma makhushoni ndi matiresi akale musalowe nawo m'nyumba, kasoketseni atsopano.

Musaiwalenso kuti kuno ndi kunsi kwa phiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi makoma a nyumba zakalezi amayamwa madzi, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabweretsa chinyontho chake. Kabati isagunde khoma, siyani mpata wolowa dzanja kuti mphepo izidutsa, apo ayi mudzapeza kumbuyo kwachita chuku. Zithunzi zakale za makolo musazipachike pa khoma limene limawombedwa ndi mvula kunja. Mkeka kapena mphasa yoyala pa simenti muziitulutsa padzuwa sabata iliyonse. Ndipo mukaona kanjira ka dothi kakukwera mwendo wa tebulo, chimenecho ndi chiswe chatulukira pa mng'alu wa pansi, musachedwe nacho.

Pokonza, dzanja likhale lopepuka. Ambiri akapeza mpando wakale amathamangira penti yonyezimira, ndipo kukongola konse kwa thabwa kumakwiririka. Yambani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi sopo. Pakauma, pitanipo ndi sandipepa yosalala motsata mizere ya thabwa, kenako pakani mafuta a linseed pang'onopang'ono, kupukuta otsala. Zipsera za makapu otentha ndi pamene panakhulika ndi zigongono musalimbane napo, mpamene pamaonetsa kuti tebulolo linadyerapo anthu. Ngati chinthucho chili ndi penti yakale yokanuka, palirani panja, mutanyowetsa, ana ali kutali, chifukwa penti zambiri zakale zinali ndi mtovu ndipo fumbi lake ndi loopsa. Bokosi langa lija ndinangolikwecha ndi waya wotsukira mapoto ndi palafini, kulambalala dzina, n'kupaka polishi wopanda mtundu. Wailesi yakale ya magetsi musailumikize asanaione wodziwa za magetsi. Ya Nzeru ya mabatire ija, ngakhale isalankhule, imakhala bwino pa shelefu.

Kayalidwe kake sikovuta mukakhala ndi nyumba ngati yanuyo. Pansi pofiirapo musaphimbe ndi kapeti, pakani Cobra mukwechepo, pokha ndi chokongoletsa kale. Makoma akhale oyera. Ndiye sankhani chinthu chimodzi chachikulu choti maso azifikirapo munthu akalowa, kaya ndi kabati, kaya ndi bokosi, zina zonse zizichipatsa ulemu. Mukaunjika simbi, nyali, mtondo, wailesi ndi mbiya pakona imodzi, pabalaza pamaoneka ngati pogulitsira. Kwanga simbi ya makala imagwira chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo, mbiya ili pakhonde ndi maluwa, mbale zachitsulo zamaluwa zija timaikamo zipatso za m'phiri nthawi yake ikafika. Chinthu chikakhala ndi ntchito sichioneka chongoikidwa.

Malichero pakhoma amakhala bwino, makamaka akale amene anadetsedwa ndi utsi wa kukhitchini, mukawasakaniza ndi nsengwa zazing'ono. Atsopano a mumsika wa Zomba nawonso amafiirira pakapita chaka. Mipando yoluka ya nsungwi ija timaidutsa m'mbali mwa msewu, ku Cape Town ndi ku London amaigulitsa modula ndi dzina la dziko lathu, ndipo imagwirizana kwambiri ndi tebulo la mlombwa. Ngati amayi anu anasunga zitenje zakale za David Whitehead, chimodzi chong'ambika m'mphepete chingatuluke makhushoni awiri, kapena dulani pamene pali pabwino muike m'felemu. Poti nyumbayo ndi ya lendi, funsani eni ake musanakhome misomali. Yang'anani m'mwamba mwa khoma, nyumba zina za nthawi imeneyo zili ndi kathabwa kozungulira chipinda kopachikapo zithunzi ndi chingwe. Babu la kuwala kofiirira limakometsa thabwa usiku kuposa loyera mbee lija.

Konzekeraninso mawu a alendo. Amayi anga aang'ono atabwera koyamba anayang'ana bokosi lija, n'kundikokera kukhitchini kukandifunsa motsitsa mawu ngati zinthu zikuyenda bwino kuntchito. Kwa iwo, amene anakulira m'zinthu zimenezi n'kumalakalaka kuzisiya, katundu wakale pabalaza ndi chizindikiro cha kusowa. Sindinawatsutse, chifukwa ndikudziwa kumene achokera. Ndinangowatsegulira chivundikiro. Ataona nyuzipepala ija ndi makobidi aja anakhala pansi, n'kuyamba kundiuza za tsiku limene bambo awo anatsika basi ndi bokosilo pamutu, atavala chipewa ndi jekete kunja kukutentha. Nkhani imeneyo ndinali ndisanaimvepo.

Mukamapita kokaona katundu, tengani tepi yoyezera ndi tochi, ndipo muyezeretu chitseko cha nyumba yanu, chifukwa makabati akale ena saphwasulika. Mukapeza chinthu chimene mukukayika nacho, jambulani kunsi kwake ndi m'makona a diloo, muike zithunzizo pompano. M'gulu lathu lino muli akalipentala angapo, tidzathandizana kuona ngati ndi mlombwa kapena paini musanapereke ndalama.