Batire ya ESP32 kutha msanga pa tanki ya madzi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake board yanu ya ESP32 (kakompyuta kakang'ono kokhala ndi WiFi) imene mwaika pa tanki ya kumunda ku Katete ikumaliza batire ya 18650 pa masiku ochepa chabe pomwe mwaigoneka mu deep sleep (tulo tosunga batire). Vuto si code yanu ayi, ndi board yomweyo. Chip yokha ikagona imadya pafupifupi 10 µA (1000 µA ndiye 1 mA), koma ma board a DevKit otchipa aja ali ndi regulator (chotsitsa voltage) ya AMS1117 yomwe payokha imamwa cha m'ma 5 mA usana ndi usiku, kuwonjezapo ka LED kofiira kaja ndi chip ya USB, ndiye mwana wagona koma nyumba yonse nyali zili ngwee.

Tengani multimeter muiike pakati pa batire ndi board muone nokha magetsi amene ikumwa. Ine yanga ndinachotsa LED ndi soldering iron, regulator nkusintha kuika ya MCP1700 yosamwa magetsi ambiri, kusiyana kwake ndinadabwa, koma muikepo capacitor yaikulu chifukwa WiFi ikamatumiza imakoka kupitirira 200 mA ndipo popanda capacitor board imachita reset.

Komanso kumundako WiFi muitenga kuti? Ngati nyumba ili patali ganizirani LoRa (wailesi yotumiza data patali), module ya SX1276 pa 868 MHz, antenna muikweze pamwamba pa tanki chifukwa mapiri a kuno kwathu amatchinga signal. Board izidzuka kamodzi pa mphindi 30, madzi satsika mothamanga. Bokosi la board ndi batire mulibise pamthunzi, dzuwa la October limaphika batire.