Mafunso Anu: Kamnyamata Koimba Kokha pa Wailesi

FUNSO: Zikomo a Malume. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa agogo ena achizungu ku Parkview. Chaka chilichonse pa 24 Disembala, 5 koloko madzulo ikakwana, amandiuza kuti ndizimitse makina ochapira, iwo n'kutsegula BBC. Kumayamba kamnyamata kuimba kokha, agogowo misozi ili mbwembwembwe. Akuti ndi tchalitchi cha pa yunivesite ku England. Yunivesite ikhala bwanji ndi tchalitchi? Nanga n'cha mpingo uti?
Mayi wa ku Nkhotakota, Rosettenville

YANKHO: Amayi, mumamvacho ndi tchalitchi cha King's College ku Cambridge. Kuno ikamati 5 koloko, kumeneko imakhala 3.

Makedzana ku Ulaya maphunziro apamwamba anali m'manja mwa mpingo. Ophunzira ambiri ankakonzekera unsembe, ndipo mfumu ikamanga koleji inkafunanso anthu oti aziipempherera ikadzamwalira. Mfumu Henry VI inakhazikitsa kolejiyi mu 1441, n'kuika mwala wa maziko a tchalitchi mu 1446. Inalamulanso kuti pakhale anyamata 16 oimba pa mapemphero, ndipo kwaya yake ikutsatabe chiwerengero chimenechi.

Koma kumanga kwake kunali kwa apo ndi apo. Kunabuka nkhondo yolimbirana ufumu, Henry anachotsedwa pampando mu 1461, ndalama zinauma, amisiri n'kulongedza zida. Mukudziwa nyumba zomwe timamanga kumudzi ndi ndalama za kuno ku Joni: mizere ya m'munsi njerwa zina, ya m'mwamba zina, malinga ndi chaka chomwe thumba linalola. Nachonso chili choncho. Miyala ya m'munsi ndi yoyera, yochokera ku Yorkshire, ya pamwamba ndi yoderako, ndipo malire ake amaoneka mpaka lero. Henry VII ndiye anadzathirapo ndalama zambiri, chimango n'kutha mu 1515, m'nthawi ya mwana wake Henry VIII. M'litali ndi mamita 88, denga lake ndi la miyala yosema yokhayokha, popanda mzati pakati.

Za mpingo: anachimanga ndi Akatolika. Henry VIII atakangana ndi Papa pa nkhani ya ukwati wake, anapatula mpingo wa ku England mu 1534, ndiye lero n'cha Anglican. Pa chotchinga chamatabwa cha m'katimo pali zilembo za dzina lake ndi la mkazi wake Anne Boleyn, amene iye yemweyo anadzalamula kuti adulidwe mutu mu 1536. Zilembozo zikadalipo.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Nyumbayo ndi yakalekale, koma mwambo umene agogo anu amalirirawo ndi wa dzana. Unayamba mu 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha kumene. Wansembe Eric Milner-White, amene anatumikira asilikali kunkhondoko, anabwerera n'kupeza kuti anyamata ambiri a pakolejipo anatsala komweko. Anatenga dongosolo lomwe Bishopu Edward Benson anayambitsa ku Truro mu 1880: mawu a m'Baibulo kuwerengedwa ka 9, kuyambira kuchimwa kwa Adamu mpaka kubwera kwa Yesu, nyimbo zikulowa pakatipakati. Ine ndimati chisoni cha chaka chimenecho sichinachokemo, n'chifukwa chake mapemphero a chikondwerero amayamba mwakachetechete chotero. BBC inayamba kuwaulutsa mu 1928, ndipo ngakhale pa nkhondo yachiwiri, magalasi a m'mawindo atachotsedwa kuopa mabomba, anaimbabe m'chisanu momwemo.

Kamnyamata kaja kamaimba ndime yoyamba ya nyimbo ya Once in Royal David's City. Sikadziwiratu kuti ndi iko. Wotsogolera kwaya amakaloza nthawi itatsala pang'onong'ono, kuti kasagone ndi mantha. Nzeru imeneyi makwaya athu a ku Hillbrow ataibwereka, mikangano yolimbirana kutsogolera nyimbo ikhoza kuchepa.

Poti ndinu a ku Nkhotakota, nayi ina. Pafupi penipeni ndi tchalitchichi pali holo ya Senate House, momwe David Livingstone analankhula mu Disembala 1857, kupempha ophunzira kuti apite ku Africa. Pempho limenelo ndilo linabala mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA (Universities' Mission to Central Africa), yomwe inafika ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Charles Mackenzie, wophunzira wa ku Cambridge komweko, kenako n'kudzakhazikika ku Likoma ndi kwanu kunyanjako.