Mnzakoyo malume ake ali kuti?

Mdzukulu wanga wa Fomu 3, wati apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi anabwera kusukulu kwanu kudzalankhula za chamba ndi mowa, nati muziulula osuta. Ndiye ukufunsa ngati kuulula mnzako amene amasutira kuseri kwa zimbudzi si kumupereka. Mtima m'malo, mwanawe. Koma ine ndikadakonda ukanafunsa kuti: akuluakulu a mwanayu ali kuti, mpaka wapolisi ndiye ayambe kumuona?

Ife tikukula, mwana anali wa mudzi wonse. Tsiku lina tikuweruka kusukulu tinabisala atatu m'munda wa chinangwa, titakulunga chingambwe m'khoko la chimanga. Anatipeza mayi ena ochokera kuchitsime, osati achibale ayi. Anatula mtsuko, kutikoka makutu, n'kutiperekeza aliyense pakhomo pa kwawo. Mayi anga sanawafunse kuti "ndinu yani kuti mugwire mwana wanga?" Anawayalira mphasa, nawatungira thobwa. Madzulo ake malume anafika, anandikhazika pansi pa mtengo wa mango. Mawu awo anali ochepa, koma ndikamva fungo la fodya manyazi aja amandibwererabe. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Lero ukadzudzula mwana wa eni, makolo ake amabwera maso ali psuu, ndiye anthu amangoyang'ana kumbali. Masacheti aja boma lisanawaletse mu 2015, ana ankamwa ali mu yunifolomu, ife akulu tikuona, pakamwa titatseka. Zimandiwawa mpaka pano. Chitetezo cha m'mudzi chinabwera mu 1997, ndipo ndimawayamikira anthu ochezera panja usiku kuti ife tigone. Komabe wapolisi akalankhula pa asembule amabwerera kuofesi. Sadziwa kuti mnzakoyo wagona ndi njala, kapena kuti ndudu akumugulitsa ndani.

Enanso azikunamiza kuti chamba anachilola mu 2020. Lamulo lija ndi la olima ndi chilolezo, cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Kusuta n'koletsedwabe.

Yamba walankhula naye mwini wake, awiriwiri, osamuyalutsa pagulu. Akakana kumva, pita kwa malume ake kapena azakhali ake, ukagwade, ukanene motsitsa mawu. Zikakanika kumeneko, aphunzitsi adziwe. Ngati ukuopa kupita wekha, udzanditenge Loweruka m'mawa tikawaonere limodzi.