Kodi kompyuta ingatiuze mmene phula ling'alukire?

Wophunzira wina wa zauinjiniya wanditumizira imelo. Akuti: "Makina oswera miyala ndi phula tili nawo mu labotale. Nanga tivutikirenji kuyerekeza ming'alu pa kompyuta? Zithunzi zimenezija si zongopeka?"

Achimwene, mwafunsa bwino. Mu labotale mumatola zidutswa chinthu chitasweka kale, pomwe pa kompyuta mumauona mng'alu ukubadwa, n'kuulondola mpaka kumapeto.

Mu 1921, A. A. Griffith atafufuza galasi anasonyeza kuti kusweka kumayambira pa kamng'alu kosaoneka ndi maso, mphamvu n'kumaunjikana kunsonga kwake. Mwalanso ndi chimodzimodzi: kuupanikiza umapirira, koma kuukoka sukhalitsa. Kumbukirani mayeso amene Fernando Carneiro wa ku Brazil anayambitsa pa konkire mu 1943, ofufuza za miyala n'kudzawatengera. Mumagoneka chidutswa chobulungira chammbali, makina n'kuchitsindira pamwamba, ndiye chimang'ambika pakati, poti mkatimo chikukokedwa uku ndi uku.

Phula ndiye limandisowetsa tulo. Pa kulemera kwa zosakaniza za pamsewu, pafupifupi magawo 95 pa 100 ndi miyala ndi mchenga. Phula lomatira n'lochepa zedi. Kukatentha limafewa, kukazizira limauma gwa. Kawirikawiri mng'alu umalambalala miyala n'kumatsata phula, koma kukazizira kwambiri umatha kudula mwala weniweniwo. Zimenezi zimachitikira mkati, kumene diso silifika.

Poyerekeza ming'alu pa kompyuta, njira imene ndimaikonda ndi discrete element method, imene Peter Cundall anayamba nayo mu 1971 pa nkhani ya matanthwe. Masiku ano ambiri amamanga chinthucho ndi timipira tambirimbiri tomangirirana. Chomangira chikakokedwa mopyola muyeso chimaduka, katundu wake n'kugwera choyandikana nacho, nachonso n'kuduka. Mng'alu ndi umenewo, ukudzipezera wokha njira. Palinso finite element method, yogawa chinthu m'tizigawo ting'onoting'ono. Ena amajambula kaye chidutswa cha msewu ndi CT scan, makina ounika mkati mwa chinthu, kuti pa kompyutapo miyala ikhale pamalo pake penipeni.

Pa zopekazo, mantha anu ndi omveka. Kompyuta payokha sidziwa kulimba kwa zomangira zija. Manambala ake mumawapeza poswa zidutswa zenizeni. Choncho iswani kaye mu labotale, mukonze manambala mpaka zigwirizane, kenako muyese chidutswa china chimene simunachigwiritse ntchito pokonza. Kompyuta ikalondola mphamvu imene chachiwirichi chaswekera, pamenepo mutha kuyamba kuifunsa za miyala ikuluikulu kapena nyengo yozizira.