Mafilimu akale ndi anthu osamva

Achemwali, mwafunsa ngati mafilimu akale onena za anthu osamva mungamuonetse mwana wanu yemwe samva. Ine ndinakula ndi mlongo wanga wosamva, ndiye nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

Yambani mwaonera nokha kaye. M'mafilimu ambiri amenewa mwini nkhani sakhala wosamvayo, amakhala womuphunzitsa. Mu Johnny Belinda ya 1948, mtsikana wa kumudzi ku Canada amangomugwiritsa ntchito ngati wopanda nzeru mpaka kutulukira dokotala wodzamuphunzitsa chinenero cha manja. Jane Wyman, amene anasewera mtsikanayo n'kulandira mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar, ankamva bwinobwino. Mulinso nkhani yogwiririra, choncho si ya mwana.

The Miracle Worker ya 1962 ndimaikonda. Ndi ya Helen Keller, amene anasiya kumva ndi kuona ali ndi miyezi 19. Pamene mphunzitsi wake Anne Sullivan akumupopera madzi padzanja uku akumulembera zilembo m'chikhatho, ine misozi imalengeza. Koma filimuyo imathera pampope pomwepo. Zoti Helen anadzamaliza maphunziro ku Radcliffe College mu 1904 n'kumalemba mabuku, mulibemo.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti kugonjetsa ulumali ankakuona ngati kutulutsa mawu pakamwa basi. Mu Mandy ya ku Britain ya 1952, chimwemwe chonse chili poti mwana wosamva wayankhula. Maganizo amenewa anakhazikika pamsonkhano wa ku Milan ku Italy mu 1880, pomwe aphunzitsi anagwirizana zochotsa chinenero cha manja m'masukulu. Kwathunso tinkamugwiritsa mlongo wanga pakhosi pathu kuti atsanzire mawu, iye atatopa, maso ali gwa. Chonsecho ndi manja ankatisimbira nkhani mpaka tonse kugwa nacho chiseko.

Zinayamba kusintha mu 1986, pomwe Marlee Matlin, wosamva weniweni, anasewera mu Children of a Lesser God n'kupata Oscar ali ndi zaka 21. Imeneyonso ndi ya akuluakulu.

Kwa mwana, ine ndikanayamba ndi mafilimu opanda mawu a Charlie Chaplin. Nthawi imeneyo womva ndi wosamva ankaonera mofanana, ndipo Granville Redmond, wojambula zithunzi yemwe sankamva, anasewera nawo mu A Dog's Life ya 1918. Muonere limodzi mutatseka ngakhale nyimbo zake, mudzaona kuti mwana wanu akuyamba kuseka inu musanaione n'komwe nthabwalayo.