Kwa obwera kumene ku America: samalani ndi inshulansi ya chipatala

Mphwanga amene wafika posachedwa ku Indiana wandifunsa kuti, "Amalume, wina wandiimbira kuti ali ndi inshulansi yotchipa, akufuna nambala ya khadi langa la kubanki, ndimupatse?" Iyeyo ndamuyankha kale, koma mwafika ambiri chaka chino. Komanso tamva za mayi wina wakwathu amene ankalipira mwezi ndi mwezi osaphonya, ndipo atagonekedwa ndi pomwe anauzidwa kuti chimene ankalipiracho sichinali inshulansi, linali khadi longotsitsira mitengo pang'ono. Bilu yonse inamugwera yekha.

Choyamba, wokuimbirani foni ndi kukufulumizitsani kuti mulipire lero lomwe, mudulireni. Njira zodalirika ndi ziwiri: kuntchito kwanu, kapena pa HealthCare.gov ndi masamba a maboma ena amene ali ndi awoawo. Kuntchito amakupatsani masiku owerengeka olembetsera, kawirikawiri 30, mukaphonya mudikira mpaka adzatsegulenso. Ku HealthCare.gov amatsegula pa 1 November, koma wongolowa m'dziko movomerezeka amapatsidwa masiku 60 apadera. Kuli anthu otchedwa ma navigator amene amathandiza kulembetsa ulele. Inshulansi yotsatira lamulo la 2010, lija amati Obamacare, singakukaneni chifukwa cha BP kapena shuga amene munabwera naye. Ma short-term plan, inshulansi ya kanthawi kochepa, ndi magulu a m'mipingo osonkherana ndalama za odwala angathe kukukanani, ndipo magulu a mipingowo lamulo siliwakakamiza kulipira bilu yanu.

Chachiwiri ndi deductible, ndipo apa ndi pamene ambiri timalirira. Kwathu amene munali pa MASM munazolowera kuonetsa khadi, kuthandizidwa, mwina n'kuonjezera kangachepe. Kuno ayi. Mumadulidwa premium mwezi uliwonse, komabe mukadwala mumayamba ndinu kulipira mpaka mufike pa ndalama imene analemba, ndiyo deductible. Tiyerekeze deductible yanu ndi madola 6,000 ndipo mwathyoka mwendo. Madola 6,000 oyambawo ndi anu. Mukakwanitsa, kampani iyamba kulipira, koma osati zonse, inu mumaponyabe gawo lanu mpaka mufike pa out-of-pocket maximum, malire a ndalama zimene mungalipire nokha pa chaka. Chaka cha inshulansi chikatha, kuwerenga kumayambiranso pa ziro. Choncho musathamangire pulani ya premium yotsika musanaone manambala awiri enawo. Mano ndi maso ali padera, musadzadabwe.

China ndi network, madokotala ndi zipatala zimene zinagwirizana ndi kampani yanu ya inshulansi. Musanapite kwa dokotala aliyense imbani nambala ili kuseri kwa khadi, mufunse ngati dokotalayo ali mu network ya pulani yanu, mulembe tsiku ndi dzina la amene wakuyankhani. Kuyambira 2022 pali lamulo loteteza ku mabilu odzidzimutsa pa chithandizo chadzidzidzi, koma ambulansi ya pamsewu anaisiya kunja. Ngati ndi mtima, sitiroko kapena magazi osaleka, imbani 911 osawerengera ndalama. Lamulo la 1986 limakakamiza emergency room kukuyezani ndi kukuthandizani ngakhale mulibe kalikonse, kungoti bilu imakutsatirani kunyumba. Koma chimfine ndi kutsegula m'mimba, pitani ku urgent care, kachipatala ka matenda osaopsa kwambiri, kapena ku community health center. Ku community health center amalipiritsa molingana ndi zimene mumapeza. Za Medicaid, inshulansi ya boma ya opeza zochepa, musadalire msanga, akuluakulu ambiri a green card amadikira zaka zisanu.

Ine chimene chimandipwetekabe mtima ndi msana wangawu. Ntchito yonyamula nkhalamba mukuidziwa. Dokotala anandiyeza, anati ndikufuna MRI. Kampani inayankha kuti ayi, ayambe wachita physical therapy, pepala lopempha chilolezo cha kampani, prior authorization, silinavomerezedwe. Wokanayo sanandionepo, sanagwire msana wanga, anangoona nambala pa kompyuta. Ndinkaimba pa nthawi ya nkhomaliro nditakhala m'galimoto, n'kumamvetsera nyimbo zodikiritsa mpaka nthawi yopuma kutha, mwendo uli dzanzi. Premium yokha sanaiwalepo kudula. Akakukanani chitani apilo, ndi ufulu wanu, ndipo pemphani dokotala alembe kalata. Iwo amadalira kuti mutopa.

Musaganize kuti ndi tsoka la munthu mmodzi. Kampani ya inshulansi ndi bizinesi, ndipo ndalama imene sinalipire dokotala wanu imatsala m'manja mwake. Lamulo linachita kuwaikira malire kuti pa madola 100 alionse a premium, 80 kapena 85 azipita ku chithandizo cha odwala. Mu 2023 kampani ya inshulansi ya UnitedHealth Group yokha inalowetsa madola oposa 370 biliyoni, phindu lake kuposa 22 biliyoni. Chaka chomwecho dziko lonse linaononga pafupifupi madola 4.9 thililiyoni pa zaumoyo, komabe anthu mamiliyoni alibe inshulansi.

N'chifukwa chake ine ndili kumbali ya amene akufuna single-payer, thumba limodzi la boma lolipirira aliyense kuchokera ku misonkho, chimene senator Bernie Sanders amachitcha Medicare for All. Ku Canada zinayambira m'chigawo cha Saskatchewan, zimene anamenyera mtsogoleri wa chigawocho Tommy Douglas. Zinayamba ndi mabilu a ogonekedwa m'chipatala, ndipo mu 1962 zinafika mpaka pa mabilu a madokotala. Kumeneko kudikira opaleshoni yosafulumira kulipo, sindikubisa, koma munthu sataya chithandizo chifukwa ntchito yatha. Anzanga ena amandiseka, amati mwaiwala kwathu kumene chipatala n'chaulele koma amakulembera kuti kaguleni mankhwala ku pharmacy? Sindinaiwale. Kwathu thumba ndi laling'ono ndipo limadontha. Kuno ndalama zilipo zosefukira, zimangothera m'njira. Ndiponso Medicare, inshulansi ya boma ya azaka 65 kupita m'mwamba, ilipo kuyambira 1965, ndipo nkhalamba zimene timasamalirazi palibe imene ndinamvapo ikufuna kuibweza. Amene mwatenga unzika, funsani ofuna mavoti anu kuti pa nkhaniyi aima pati.

Chachinayi, kaya ndi chachisanu: bilu ikabwera musaiponye m'dilowa, komanso musathamangire kuilipira ndi credit card. Pemphani itemized bill, bilu yoonetsa chinthu chilichonse ndi mtengo wake, muifananize ndi pepala la EOB lochokera ku kampani, loonetsa zimene yalipira ndi zimene zatsala kwa inu. Zipatala zimene si za phindu zimalamulidwa kukhala ndi financial assistance, thandizo kwa ovutika kulipira, funsani fomu yake, ambiri sakuuzani okha.

Ndipo inu amene mukuitana amayi kudzathandiza kulera khanda, inshulansi yanu ya kuntchito siwakhudza. Aguliranitu ya alendo asanakwere ndege ku Chileka kapena ku KIA, muwerenge zimene yalemba pa matenda amene ali nawo kale, ndipo mankhwala awo a BP abwere nawo okwanira ulendo wonse, m'mabotolo ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala.