Mabuku akale a tchalitchi, chinyezi ndi magetsi

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amasamalira mabuku a tchalitchi chawo kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique. Akuti m'kabati muli mabuku a ubatizo ndi a maukwati, ena olembedwa m'nthawi ya Apwitikizi, zithunzi, komanso makaseti a kwaya ndi a mawu a agogo amene anatisiya kale. Anzawo akuwalangiza kuti agule makina oziziritsira chipinda, ajambule chilichonse n'kuika pa intaneti. Iwo akufunsa kuti: "Tingasunge bwanji zinthuzi popanda kudya magetsi ambiri ndi kuwononga chilengedwe?"

Bambo, makinawo musagule. Muli ku Angónia, kumtunda kozizira, osati ku Tete m'tauni kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mdani wanu wamkulu ndi chinyezi cha m'dzinja. Chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, nkhungu imamera papepala, tsamba limanunkha, inki imafufuta. Makina oziziritsa amathandiza pokhapokha akamayaka usana ndi usiku osalekeza. Mukamawayatsa masana n'kuzimitsa madzulo, kapena magetsi akamazima, chipinda chimazizira n'kutenthanso, pepala limamwa madzi n'kuuma, mawa n'kumwanso. Buku limene linapirira zaka 80 m'kabati likhoza kuyamba kupindika chifukwa cha chisamaliro chotere.

Wina anena kuti magetsi athu ndi a madzi, ochokera ku Cahora Bassa, ndiye vuto lili pati? N'zoona, damulo limatha kupanga ma megawati 2,075 popanda utsi, ngakhale kuti ambiri amapita ku South Africa. Koma magetsi akazima mudzayatsa jenereta ya dizilo, ndipo mpweya wa m'makina oziziritsa ukatuluka umatenthetsa dziko kuposa utsi wamba nthawi mazanamazana. Makinawo akadzafa, mudzawataya kuti?

Nyumba yokha ingakugwirireni ntchitoyi. Sankhani chipinda cha pakati, cha makoma okhuthala, chokhala ndi siling'i pansi pa malata, chosaomba dzuwa. Denga lisadonthe. Mashelefu akhale achitsulo, atalikirane ndi khoma kuti muziona njira ya chiswe isanafike pa buku, ndipo shelefu yam'munsi ikwere kuchoka pansi. Amene anaona mtsinje wa Revúbuè ukusefukira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 safunsa chifukwa chake. Buku lililonse likhale m'bokosi lake la katoni yoyera. Bokosi limachedwetsa kusintha kwa chinyezi ndipo limatchinga fumbi ndi kuwala. Chotsani mapini ochita dzimbiri. Musamate selotepi, ndipo ndikukupemphani, musapite nazo kokamatitsa pulasitiki. Ndimamva chisoni ndikaona kalata ya malo ya agogo itamatidwa motero, chifukwa pulasitikiyo siichokanso popanda kung'amba pepala. Mankhwala opopera nawonso asiyeni. Kusesa, kusadyeramo, ndi kutsegula mabokosi kamodzi pamwezi kumathamangitsa mphemvu ndi makoswe bwino kuposa poizoni amene inu nomwe mudzapuma.

Za kujambula, musayambe ndi chilichonse. Yambani ndi makaseti. Pepala louma lidzakudikirani, koma tepi imatha mphamvu, ndipo mawailesi oiimbira akusowa chaka ndi chaka. Ngati muli nyimbo za maliro, nthano, kapena mkulu akulongosola za mzere wa mafumu, mawu amenewo kulibenso kwina. Kenako mabuku amene akuthothoka ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri, kuti buku lenileni lipume. Malisiti a chopereka a chaka chatha safuna kujambulidwa.

Zoikidwa pa intaneti sizikhala m'mwamba. Zimakhala m'makompyuta a m'nyumba zikuluzikulu, oyaka ndi kuziziritsidwa usana ndi usiku, ndipo mu 2024 nyumba zoterezi zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi. Zithunzi zanu ndi kadontho chabe pamenepo, sindikuopsezani. Komabe palibe chifukwa chosungira tsamba limodzi lojambulidwa kasanu ndi kawiri. Sankhani chithunzi chooneka bwino, chipatseni dzina ndi chaka, zinazo fufutani. Gulani ma hard drive (zipangizo zosungira mafailo a kompyuta) awiri, imodzi ikhale ku tchalitchi, ina kunyumba ina yakutali, zonse zosalumikizidwa ku magetsi. Muziziyatsa kamodzi pachaka kuona ngati mafailo akutseguka, ndipo pakapita zaka zingapo muzikopera pa yatsopano. Kope lachitatu la zinthu zofunika kwambiri ndilo lipite pa intaneti. Fulashi musaidalire, imasochera ndipo ikakhalitsa osagwiritsidwa ntchito imatha kutaya zimene yasunga. WhatsApp nayo imachepetsa chithunzi mpaka malemba ang'onoang'ono osawerengeka.

Musagule foni kapena kompyuta yatsopano chifukwa cha ntchitoyi. Kuwononga kwakukulu kwa zipangizozi kumachitika pozipanga, choncho foni imene muli nayo, itakhazikika pa kamtengo pafupi ndi zenera m'mawa, ndi yokwanira. Mukafuna uphungu pa buku long'ambika kwambiri, lemberani Arquivo Histórico de Moçambique, nyumba yosungira zolemba zakale za dziko ku Maputo, imene yakhala ikusunga mapepala kuyambira 1934. Musanatero, kwerani padenga muone malata mvula isanayambe mu Novembala.